Alembi athu, lembaninso za mwana ndi galu wake

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi alembi a mabuku a ana kudzera m'nyuzipepala yanu.

Ndikulera mdzukulu wanga wa zaka 9 yemwe mayi ake anatisiya chaka chatha. Chibwerereni kwa ine, mwanayu anali duu. Ukamufunsa kanthu ankangogwedeza mutu. Koma madzulo ndinkamupeza kuseri kwa nyumba atakhala pansi ndi kagalu kathu kotsimphina, akukachotsa nkhupakupa m'makutu uku akukanong'oneza. Zomwe ankakauza sindinazimve, ndipo sindinafunse.

Tsiku lina ndinayamba kumuwerengera The Secret Garden, buku lomwe Frances Hodgson Burnett anatulutsa mu 1911. Ndinkawerenga pang'ono n'kumufotokozera m'Chichewa. Muli mtsikana, Mary Lennox, yemwe makolo ake anafa pa mliri wa kolera ku India, ndipo anatumizidwa kwa wachibale ku Yorkshire, m'chinyumba cha zipinda zambirimbiri zotseka. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi kambalame kofiira pachifuwa. Titafika pomwe Mary akupempha kambalameko kuti kakhale mnzake, mdzukulu wanga anadzutsa mutu n'kufunsa, "Agogo, kanavomera?" Misozi inalengeza m'maso mwanga.

Akulu tikaona mwana wamasiye timathamangira kuti "usalire, limba mtima." Galu sanena zimenezo. Samumvera chisoni chomuchititsa manyazi, samufunsanso za maliro. Amangobwera n'kugona pamapazi pake. Komanso mwana yemwe aliyense akumuona ngati wofunika thandizo amapeza kanthu kodalira iyeyo, kofuna kuti akapatse madzi ndi kukasisita.

Nthano za Kalulu ndi Fisi ndimazikonda, ndipo ndazisimba kwa ana ambiri. Koma nyama za mmenemo ndi anthu ovala zikopa, zilipo kuti zitiphunzitse za kuchenjera ndi dyera. Ine ndikupempha buku la m'chinenero chathu lonena za galu weniweni, wosalankhula, wodikira pakhomo mwana yemwe kusukulu alibe wosewera naye. Ikhale mbuzi kapena nkhunda, palibe kanthu. Chonde nyamayo musaiphe pamapeto pongofuna kutiliza, ana ena aona kale imfa yokwanira.

Bukulo sitinamalize. Dzulo mwanayu ananyamula kagalu kaja n'kukakhazika pakati pathu, akuti nakonso kamve ngati Mary apeze khomo la munda wobisika womwe bukulo likunena.

Gogo wolera mdzukulu