Munda wa ku Padova wandikumbutsa muwawani wa agogo

Akonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yanu. Mwezi wathawu ndinali nawo pa ulendo wa mpingo wathu ku Italy. Titatha mapemphero m'tchalitchi cha Antonio Woyera ku Padova, anzanga anathamangira kukagula makorona. Ine miyendo inali italema, ndiye ndinalowa m'munda wina pafupi pomwepo wotchedwa Orto Botanico. Ndinkangofuna mthunzi basi.

Mundawu anaukhazikitsa mu 1545 kuti ophunzira udokotala pa yunivesite ya kumeneko azidziwa zitsamba za mankhwala ndi maso awo, asamasokoneze chochiritsa ndi chakupha. Sunasunthe mpaka lero, ndipo mu 1997 a UNESCO anauika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Chinandiseketsa ndi khoma lozungulira lomwe anamanga mu 1552, chifukwa anthu ankabwera usiku kudzazula zitsamba. Ndinati kani akuba mankhwala si a kwathu kokha!

Muli kanjedza wobzalidwa mu 1585, ndipo anam'mangira nyumba yagalasi yakeyake kuti asafe ndi chisanu. Chomera chilichonse chili ndi kachikwangwani ka dzina lake. Ndinawerama pa kena, Chilatinicho n'kundikanika, maganizo n'kuthawira kwa agogo anga aakazi. Iwo akafuna khungwa la muwawani la m'mimba, ankasema pang'ono mbali ya kum'mawa ndi ya kumadzulo, n'kumata dothi lonyowa pabalapo. Masiku ano ena ogulitsa mankhwala pamsika amasenda mtengo kuzungulira, ngati akusenda chinangwa cha kondowole. Muwawani wa kuseri kwa nyumba yathu unapita choncho ine ndili kumaliro ku Dwangwa. Ndinapeza uli mbee, ndipo mvula yotsatira sunaphukenso.

Kuno ku Nkhotakota timanyadira mkuyu umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863, ndipo alendo amabweradi kudzauona. Koma mum'funse mwana wa Sitandade 8 kuti mlombwa ndi uti, mbawa ndi iti, angokuyang'anani. Ndaphunzitsa zaka zambiri, ndiye mlanduwu ukundikhudza nanenso.

Ndikupempha mafumu athu atipatseko kamalo, ngakhale theka la ekala, tibzale mitengo yathu ya mankhwala. Zikwangwani zikhale m'Chichewa, ndipo asing'anga achikulire ndiwo atiuze mayina ndi ntchito zake asanapite nazo kumanda. Khoma la njerwa sitingalikwanitse, koma mpanda wa nkhadze ungathe kutchinga mbuzi. Ine ndili kale ndi mbande za muwawani khumi ndi ziwiri m'machubu, ndipo mizu yayamba kuboola pansi.

Mphunzitsi wopuma,
Nkhotakota