Lipoti la ulendo wa ku Lilongwe pa za hijabu ndi mavalidwe

Assalam alaikum amayi anzanga a ku Chibavi.

Ndabwerako ku msonkhano kumene munandituma. Malisiti a basi ndi a malo ogona ali kwa amayi asungichuma. Amene ankati ndikukaona abale akawawerenge.

Tsiku loyamba linathera m'malonje. Anaphunzitsanso kasungidwe ka mabuku a gulu, zomwe timachita kale.

Chimene chinandidzutsa pampando ndi chionetsero cha atsikana osoka. Abaya wa chitenje, amayi! Wofika m'mapazi, manja aatali, osathina, hijabu yake yotenga mtundu umodzi wa maluwa a m'chitenjemo. Ndinachita kugwira nsaluyo, ndi yomwe ija yadzadza mu msika wa Taifa. Ife kuno tazolowera kuti chovala chaulemu ndi chakuda chochokera ku Dubai kapena ku Dar es Salaam. Mtsikana wina anatikumbutsa za Halima Aden, wobadwira ku kampu ya Kakuma ku Kenya, amene anatchuka pa zionetsero za zovala atavala hijabu, koma mu 2020 anazisiya poona kuti omuveka ayamba kuisandutsa chokongoletsera chabe. Ine ndinatolapo kuti osoka tikhale ife eni ake.

Pa za sukulu anafotokoza mkangano wa ku Balaka wa mu 2019 wokhudza kuvala hijabu kusukulu ndi mgwirizano umene bungwe la zipembedzo la Public Affairs Committee (PAC) linathandiza kuti usainidwe mu 2021, wolola atsikana kuvala hijabu yofanana mtundu ndi yunifolomu. Ndiye msonkhano unagwirizana kuti mahijabuwo aziodedwa pamodzi ku Blantyre. Ine ndinakana, ngakhale ochokera kumpoto tinalipo awiri okha ndipo dzanja langa analiona mochedwa. Mwana wa ku Mchengautuwa kuno ku Mzuzu adikire katundu wa ku Blantyre chifukwa chiyani, matelala tili nawo? Komanso amene anasankha kansalu kopyapyalako sanagonepo ku Mzuzu mu Juni.

Apa ndiye ndifunse: makina osokera amene tinasonkherana chaka chatha ali kuti? Tinamva kuti akusungidwa kunyumba ina podikira chipinda. Chipindacho sichinapezeke, koma anthu akuona masiketi akutuluka pakhomopo. Sinditchula dzina, eni ake akudzidziwa.

Pa 1 Febuluwale ndi tsiku la hijabu padziko lonse. Ndikupempha kuti pofika tsikulo tikhale titasoka mahijabu 30 a yunifolomu. Amayi a tcheya, nkhani ya makina ikhale yoyamba Lachisanu tikatuluka ku Juma.