Kalata ya malume: msasa wa kanjedza ndi mvula yoyamba

Mwana wanga wokondedwa,

Ndiye wakwanitsa zaka 7! Dzino linkagwedera lija linachoka? Mayi ako akuti tsopano umawerenga wekha, choncho kalata ino uwerenge ndiwe, pokhapokha povuta ndi pomwe uwaitane.

Tsiku lako lobadwa lagwera m'sabata yomwe kuno ku Israel kuli madyerero a misasa, eni ake amati Sukkot. Ukawapemphe agogo akutsegulire Levitiko 23, ukapeza pomwe ana a Israyeli anauzidwa kuti azikhala m'misasa masiku asanu ndi awiri. Mpaka lero amachitabe, mwana wanga. Banja loyandikana ndi munda womwe timagwirako ntchito ndi la Ayuda opemphera kwambiri, ndipo lamanga msasa wawo pabwalo, nyumba yabwinobwino ilipo. Amadyera momwemo, ndipo bambo ndi anyamata amagonanso momwemo.

Iwe umakonda zomangamanga, ndiye tamvera kamangidwe kake. Amayamba ndi makoma, denga pambuyo. Makoma asachepere atatu, a matabwa kapena a nsalu, koma nsaluyo aikoke zolimba ndi kuimangirira, chifukwa khoma lomwe likupepeluka ndi mphepo saliwerengera. Denga ndiye lili ndi malamulo ambiri. Likhale la chinthu chomera m'nthaka chomwe chadulidwa: nthambi za kanjedza, bango kapena nsungwi. Malata ayi, pulasitiki ayi. Nthambizo zichuluke mpaka mthunzi upose dzuwa, koma zisathinane kwambiri, kuti usiku uzitha kuona nyenyezi. Ukamanga pansi pa mtengo walakwitsa, pamwamba pa msasa pazikhala thambo lokha. Chomwe chimavutitsa ambiri ndi ichi: nthambi zaziwisi zikauma zimafota, mipata n'kukula, dzuwa n'kumalowa lambiri. N'chifukwa chake odziwa amasanjikiza zambiri tsiku loyamba lomwe.

Kodi kanyumba ka mapesi munamanga kuseri kwa nkhokwe kaja kadakalipo, kapena mbuzi zinadya?

Tsopano imva za mvula. Kuno miyezi yonse yotentha sikugwa ngakhale dontho, ndipo mvula yoyamba ili ndi dzina lake, yoreh, monga ife tili ndi chizimalupsa. Usiku wachitatu banja lonse linali patebulo mumsasa, supu ali m'mbale. Kunayamba kamphepo, nthambi n'kumachita phokoso. Kenaka dontho limodzi, tho! pamphuno pa kamtsikana kakang'ono, kausinkhu wako. Kanayang'ana kumwamba, kukamwa yasaa. Lina n'kugwera m'mbale mwa bambo ake. Fumbi linayamba kununkhira, fungo lomwe lija la kwathu mvula ikangoyamba. Tizokongoletsa ta mapepala tomwe ana anapachika kudenga tinayamba kusuluka, utoto wofiira n'kumadonthera pansalu yoyera ya patebulo. Ukudziwa kuti palibe yemwe anadzuka msanga? Onse ankayang'ana bambo. Lamulo lake ndi loti timadontho tochepa sitithamangitsa munthu, koma mvula ikafika poononga chakudya, mumalowa m'nyumba. Bamboyo anayang'ana m'mbale kawiri, katatu, kenaka anainyamula, ana onse pambuyo pake akuseka, wina mkate kukhwapa. Mphaka ndiye anatsala pansi pa tebulo.

Mvula amaifuna kwambiri, komatu amadikira atuluke kaye m'misasa. Tsiku lachisanu ndi chitatu ndi pomwe amachita pemphero la mvula.

Tsiku lomwelo limawakumbutsanso zowawa, chifukwa nkhondo imene umaimva pa wailesi ya agogo ija inayamba tsiku ngati limenelo, pa 7 Okutobala 2023. Ndikudziwa agogo sagona akamva za kuno, ndiye uwafotokozere izi bwinobwino. M'nyumba zatsopano muli chipinda chotchedwa mamad, cha makoma a konkire okhuthala, chitseko chachitsulo ndi zenera lachitsulo. Masiku onse chimangokhala chipinda chogona ana, muli zidole ndi mabulangete. Pakona amasungapo mabotolo a madzi, tochi, wailesi ya mabatire ndi mabisiketi. Sayirini yochenjeza za mabomba ikalira, amasiya chilichonse n'kulowa. Madera ena ali ndi mphindi imodzi ndi theka, koma kufupi ndi Gaza ndi masekondi 15 okha. Tawerenga kufika 15 uone kuchepa kwake. Akalowa amatseka chitseko n'kukhala mphindi khumi, ngakhale kunja kutakhala zii, chifukwa tizitsulo ta mabombawo timagwabe mochedwa. Amene amavulala nthawi zina ndi ofulumira kutuluka kukaonerera.

Nanga pa Sabata, poti sagwira foni kapena kuyatsa magetsi, amamva bwanji? Sayirini ya panja imalira ndithu. Komanso pa nthawi ya nkhondo amasiya wailesi ili yoyatsa kuyambira Lachisanu dzuwa lisanalowe, pa siteshoni yomwe imangokhala chete, n'kuyankhula pokhapokha pakakhala chenjezo. Bambo akaitanidwa ku usilikali pa Sabata amakwera galimoto, chifukwa pa chiphunzitso chawo kupulumutsa moyo kumaposa Sabata. Akachoka, mayi ndi amene amatsala ndi ana onse, ndipo mpando wa bambo patebulo umakhala wopanda munthu milungu yambiri.

Ukamapemphera usiku uziwatchula ana amenewa. Uzitchulanso ana a ku Gaza ndi a ku Lebanon, chifukwa nawonso ndi ausinkhu wako, ndipo ambiri a iwo alibe chipinda cha chitseko chachitsulo choti athawiremo.

Kumeneko mitambo yayamba kuoneka? Mango a pamtengo wa kuchitsime ayamba kupsa? Usadye osakhwima, m'mimba mungakupweteke ngati chaka chatha. Ndipo mvula ikabwera ndi ziphaliwali usabisale pansi pa mtengo, wamva? Thamangira m'nyumba.

Ndakusowa kwambiri. Ndatumiza kangachepe kwa mayi ako, akugulire nsapato za kusukulu, ndiye uyambe wayesa m'sitolo momwemo, phazi lako likukula msanga. Undijambulire msasa papepala, denga lake la mipata ndi nyenyezi zitatu, mayi ako anditumizire pa WhatsApp. Mphaka usamuiwale. Moni kwa agogo, uwagwire dzanja m'malo mwanga.

Ndine,
Malume ako