Chofa ndi bokosi, kompyuta ikhomeni pakhoma

Akonzi,

Ndipatseniko kamalo m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi anzanga amene timadyera kompyuta, makamaka ife a kunyanja.

Ndili ndi kashopu kuno ku Mangochi, chakufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Ndimatayipira anthu makalata, kusindikiza zithunzi komanso kuika nyimbo m'mafoni. Dzinja lathali madzi analowa m'shopu usiku. Kompyuta inkakhala pansi pa tebulo, monga achitira aliyense, ndiye m'mawa ndinapeza bokosi lake lili m'matope. Mwayi wake madzi sanafike pa motherboard, bolodi lalikulu la m'kati limene zipangizo zonse za kompyuta zimalumikizidwapo. Koma pasanathe mwezi chitsulo chinadyeka ndi dzimbiri, batani loyatsira n'kufa. Mnzanga wina anati ndingogulitsa kwa anyamata ogula zitsulo. Ndinakana. Nkhuku sutaya chifukwa khola lagwa.

Ndinaganiza zochotsa zipangizo m'bokosimo n'kuzikhoma pathabwa lopachika pakhoma. Ndinapita kwa kalipentala wa pafupi, anandidulira pulayiwudi yochindikala bwino, masentimita 60 uku, 80 uku. Ndinagoneka motherboard pamwamba pake n'kulemba ndi pensulo pamene pali timabowo take. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amaimangirira pathabwa penipeni. Kuseri kwake kuli timinga ta mtovu tosafunika kukhudza kanthu, ndipo ukaifinya imapindika. M'bokosi lakale lija muli timiyendo ta mkuwa, totalika ngati mamilimita 6, tomwe imakhalirapo. Ndinatimasula tonse n'kutisamutsira pathabwa, kuti kuseri kuzidutsa mphepo.

Power supply, kabokosi kamene kamalandira magetsi a pasoketi n'kuwagawira zipangizo zonse, ndinaiika m'munsi poti ndi yolemera, ndinaimanga ndi kachitsulo kopinda. Hard disk, chipangizo chosungira makalata ndi nyimbo, inandivuta sabata yathunthu. Nditaimanga pathabwa, khoma lonse linkalira ngati ng'oma ya beni ikumveka patali. Mankhwala ake anali chubu chakutha cha njinga: ndinadula timphira n'kutiika pansi pake, phokoso zii. Za batani loyatsira musade nazo nkhawa. Pa motherboard pali timapini tiwiri tongofuna kukhudzanitsidwa kamodzi basi. Ndinagula swichi ya belu la pakhomo n'kulumikiza. Makasitomala amaseka akandiona ndikuliza belu m'mawa.

Phindu ndaliona mu Okutobala. Amene anakhalako ku Mangochi akudziwa kuti masana m'nyumba ya malata yopanda siling'i simukhalika. Kale ikamakwana 12 koloko fani inkabangula ngati chigayo, kenako kompyuta n'kuzima yokha, kalata ya munthu ili pakati. Chaka chino sinazimepo chifukwa cha kutentha. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, ndipo tsopano palibe chouphimba.

Koma ndisakunamizeni, zithunzi zimene achinyamata akuona pa intaneti, za makompyuta owala ngati nyali za ukwati atakongoletsa khoma, zimajambulidwa m'nyumba zopanda fumbi. Kwathu kuno mwera ukayamba, fumbi la mumsewu limadzaza fani masiku atatu okha. Tsiku lina ndinapeza nalimata atagona pa power supply akumva kutenthera. Mavu nawo anayamba kumata chisa chawo cha dothi pakona. Chimene chinandiopsa kwambiri ndi mwana wa kasitomala, ali kumbuyo kwa mayi ake, atatambasula dzanja kufuna kugwira fani ikuzungulira. Tsiku lomwelo ndinakweza thabwa kufika pamwamba pa mutu wanga, ndipo kalipentala uja anandipangira chitseko cha waya wa udzudzu, uja timaika m'mawindo. Mayi a kunyumba ataona anangoti, "Bambo, ndiye mwalibwezeretsatu bokosi lija!" Mwina akunena zoona, koma ili limapuma.

Loweruka lililonse ndimazula pulagi n'kusesa ndi burashi youma ya penti, chala china chitagwira fani kuti isazungulire.

Pali chimodzi chimene ndikuchonderera, Akonzi, chilembedwe ngakhale mutadula zina zonse. Kuchotsa bokosi la kompyuta si kutsegula power supply. Mawaya otuluka m'menemo amanyamula mphamvu yochepa, ya 12, 5 ndi 3.3 volts, koma m'kati mwake mumalowa 230 ya pasoketi, ndipo muli tizipangizo timene timasunga moto ngakhale mutazula pulagi. Ikafa gulani ina, musaichite opaleshoni. Onetsetsaninso kuti soketi yanu ili ndi waya wa earth weniweni, uja umathawitsira magetsi pansi kuti asagwire munthu. Mashopu ambiri obwereka waya wachitatuyo mulibe, ndipo ena timathyola dala phini lalitali la pulagi kuti ilowe. Thabwa silingakutetezeni pamenepo. Magetsi akathima zulani pulagi, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi ukali.

Amene muli ndi makina a kaunjika ochokera m'maofesi, monga ena a Dell kapena HP, yang'anani kaye musanaphwasule. Ambiri ali ndi mabowo ndi mapulagi awoawo osafanana ndi a makompyuta ena, moti chipangizo chikafa simungangotola china pamsika.

Chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi ana a sukulu. Chiikireni kompyuta pakhoma, akamaweruka amaima pakhomo n'kumaloza. Mtsikana wina wa Fomu 2 anandifunsa kuti, "Ankolo, magetsi akathima kalata ija imathawira kuti?" Ndinamuonetsa RAM, imene imaiwala zonse moto ukachoka, ndi hard disk imene imasunga. Anati kusukulu anazilemba m'kope koma anali asanazionepo ndi maso. Ndikudziwa kuti m'sukulu zina muli makompyuta akufa ounjikidwa m'sitolo, makoswe akuswanamo. Aphunzitsi, tengani imodzi, ngakhale yosayaka, muikhome pathabwa m'kalasi n'kulemba dzina pa chipangizo chilichonse.

Mtsikana uja anabweranso sabata yatha atasenza kompyuta ya amalume ake pamutu, akuti inafa kalekale. Tinazula RAM, tinaipukuta m'mano mwake ndi labala wa pensulo, tinaibwezera, ndipo inayaka. Pano akundivutitsa kuti ndimufunsire mtengo wa pulayiwudi.

Ine wanu,
Wotayipa makalata,
Mangochi