Za galimoto ija, usafulumire kusayina

Wokondedwa mnzanga,

Ndasangalala kumva kuti wakhazikika ku Cornwall kumeneko, kum'mwera kwa England, ndipo ntchito ikuyenda, ngakhale mabasi akukuzunza. Ntchito yoyendera okalamba m'makomo mwawo, wina mudzi uno wina mudzi wachitatu, popanda galimoto ndi chipsinjo ndithu, choncho sindikudabwa kuti wayamba kale kusuzumira m'magaraja. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa nkhaniyi ili ndi manambala, ndipo ndikufuna uzitha kubwererako ukafuna.

Wadandaula kuti banki yakukaniza ngongole pamene iwe chibadwire sunadyepo ndalama ya munthu. Chimene akukanira ndi chomwecho. Kwathu munthu wosadziwa ngongole timamulemekeza, koma kuno ku UK obwereketsa amafuna umboni wolembedwa wakuti unabwerekapo ndipo unabweza pa tsiku lake. Umboniwo umasungidwa ndi makampani atatu: Experian, Equifax ndi TransUnion. Mabanki, makampani a foni ndi ena obwereketsa amatumizako mwezi ndi mwezi kuti uje walipira, uje wachedwa. Iwe akakufufuza kumeneko akupeza tsamba loyera, ndipo zaka zonse zimene unkasunga bwino akaunti yako ku Lilongwe sizinakwere nawe ndege. Sakukuona ngati wakuba ayi, kungoti sakukudziwa, ndipo munthu amene sakumudziwa amamukaniza kapena kumulipiritsa chiwongola dzanja chokwera.

Usanachite china chilichonse, kalembetse m'kaundula wa ovota. Ambiri a ife timaganiza kuti zimenezi n'za eni dziko okha, koma Malawi ali m'bungwe la Commonwealth, ndipo nzika ya dziko la m'bungweli imene ili ndi chilolezo chokhalira kuno imaloledwa kulembetsa, ngakhale kuvota kumene. Zimachitika pa intaneti, pa tsamba la boma la GOV.UK, m'mphindi zochepa, ungokhala ndi nambala yako ya National Insurance, ija ya za msonkho wa pantchito, pafupi. Obwereketsa amadalira kaundulayu potsimikiza kuti dzina lako ndi adiresi yako n'zoona. Akakufunsa ngati ukufuna kukhala m'kaundula woonekera kwa aliyense, ukhoza kukana, sizisokoneza za ngongole, chifukwa makampani atatu aja amaona kaundula wathunthu. Ndipo adiresi uziilemba mofanana paliponse, kubanki, kuntchito, pa foni. Ukasamuka uziwadziwitsa onse sabata yomweyo. Mafomu ambiri amafunsa kumene wakhala zaka zitatu zapitazi, ndipo apa ndi pamene obwera kumene amakodwa. Ena mwa obwereketsa amalola adiresi ya kunja, ena salola.

Kenaka tenga foni ya mgwirizano wolipira pamwezi, ngakhale ya simu yokha yotsika mtengo, m'malo mongogula mayunitsi. Malipiro ako azilowa mu akaunti imodzi, ndipo mabilu azichoka okha kudzera pa Direct Debit. Pakapita miyezi ingapo funsira khadi la ngongole la anthu oyamba kumene, monga a Aqua, Vanquis kapena Capital One. Adzakupatsa malire ochepa, mwina mapaundi mazana awiri kapena atatu, ndipo chiwongola dzanja chake n'choopsa, nthawi zambiri chimapitirira 30 peresenti pachaka. Chisakuopse, chifukwa ukamabweza ndalama yonse mwezi uliwonse sulipira chiwongola dzanja pa zimene wagula. Uzigulira zinthu zimene ukanagula kale, monga zakudya za sabata imodzi, osadutsa gawo limodzi mwa magawo anayi a malire akowo, ndipo ukonze kuti banki izichotsa yokha ndalama yonse, osati kachigawo kochepa kamene amalemba kuti nkokwanira. Usatapirepo ndalama pa makina, ndipo usatumizirepo ndalama kumudzi, ngakhale akulilire bwanji za feteleza, poti zimenezo amaziwerenga ngati watapa ndalama ndipo chiwongola dzanja chimayamba tsiku lomwelo.

Lendi imene umalipira mokhulupirika ija payokha siilembedwa kulikonse, pokhapokha utalembetsa ku makampani monga CreditLadder kapena Canopy amene amaitumiza ku mbiri yako. Ngati dzina lako lili pa mgwirizano wa nyumba, chita zimenezo.

Chinthu chimene chimawononga anthu ambiri n'kupsa mtima akakanizidwa. Munthu akanizidwa kubanki Lolemba, Lachiwiri ayesa kwina, pofika Lachisanu wafunsira malo asanu. Kufunsira kulikonse kwenikweni kumasiya chidindo pa mbiri yako chimene obwereketsa ena amachiona kwa chaka, ndipo zidindo zikachuluka pa nthawi yochepa amaganiza kuti wapanikizika. Popeza wakanizidwa kale kamodzi, yamba waima. Masamba monga MoneySavingExpert ndi ClearScore ali ndi poyesera mwayi wako popanda kusiya chidindo choonekera kwa obwereketsa, ndiye uziyamba kumeneko. Ngakhale pa garaja, wogulitsa akanena kuti tiyeni tingoona ngati angakuloleni, umufunse kaye ngati kufufuzako kusiya chidindo. Mbiri yako uli ndi ufulu woiona kwaulere ku makampani onse atatu, ndipo uziiona, chifukwa zolakwika zimapezeka. Nambala yaikulu imene amakuonetsa pa foni ija usaipembedze. Kampani iliyonse ili ndi kawerengedwe kake, ndipo wobwereketsa amayang'ana zimene zalembedwa mkatimo pamodzi ndi malipiro ako.

Tsopano za galimotoyo. Alipo obwereketsa amene angakupatse ngakhale mawa, mbiri ilipo kapena palibe, ndipo ndi amenewo ndikuwaopa. Tiye tiwerengere limodzi. Ukabwereka £6,000 kwa zaka 4 pa APR (chiwongola dzanja cha pachaka pamodzi ndi zolipira zina za ngongoleyo) ya 10 peresenti, uzilipira pafupifupi £151 pamwezi, ndipo pomaliza chiwongola dzanja chonse chikhala cha m'ma £1,240. Ndalama yomweyo, zaka zomwezo, pa 30 peresenti, uzilipira pafupifupi £204 pamwezi, chiwongola dzanja n'kufika cha m'ma £3,800. Wogulitsa adzakuonetsa kusiyana kwa pamwezi kokha, £53, n'kunena kuti imeneyo ndi shifiti yosakwana n'imodzi yomwe. Sadzakuuza kuti pamapeto waponya m'madzi ndalama yoposa £2,500, ya tikiti yopita kwathu ndi kubwerako n'kutsalako. Pa pepala lililonse funafuna mzere wolemba ndalama yonse imene udzakhale utalipira pomaliza. Ndiponso APR imene amalemba pa chikwangwani si lonjezo kwa iwe: lamulo limangofuna kuti anthu 51 pa 100 alionse ovomerezedwa apatsidwe mtengo umenewo, ndipo munthu wopanda mbiri amagwera mwa otsalawo.

Adzakuuza za njira ziwiri, HP ndi PCP. Pa HP umapereka dipoziti, n'kumalipira mtengo wonse wa galimoto pang'onopang'ono, ndipo ukamaliza imakhala yako. Pa PCP ndalama ya pamwezi imaoneka yochepa chifukwa chigawo chachikulu cha mtengo amachikankhira kumapeto. Nthawi ikakwana uyenera kupereka chimtolo chonsecho kamodzi, apo ayi ubweze galimoto, kapena ulowe mgwirizano wina. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Nyerere zake kwa iwe ndi mtunda. PCP imakuikira malire a mailosi pachaka, ndipo ukabweza galimoto utapitirira amakulipiritsa mailo iliyonse yoonjezera, kuphatikizapo zokalika zimene iwo aona kuti zapyola muyeso. Iwe ndi ntchito yako yozungulira midzi tsiku lonse, m'timisewu ta ku Cornwall topanikizika ndi mipanda uku ndi uku, malirewo uwaphwanya chaka chisanathe ndipo zitseko zidzakalika ndithu. Ine ndikanakhala iwe PCP sindikanaiyang'ana n'komwe.

Pa njira zonse ziwirizi galimoto si yako mpaka utamaliza, choncho sungaigulitse mwakufuna kwako. Koma lamulo la Consumer Credit Act la 1974 limakutetezanso, ndipo zitatu izi uzisunge pamtima. Ukasayina uli ndi masiku 14 otuluka mu mgwirizano wa ngongoleyo, ngakhale kuti ndalama yobwerekayo uyenera kuibweza. Ukalipira gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama yonse, sangakulande galimoto popanda chilolezo cha khoti kapena chako. Ndipo ukafika pa theka la ndalama yonse, uli ndi ufulu wobweza galimoto n'kuthetsa mgwirizano osalipiranso zotsalazo, bola ngati waisamala ndipo ulibe miyezi imene unaphonya. Pa PCP theka limeneli limachedwa kufika chifukwa chimtolo cha kumapeto chija chimawerengedwa momwemo. Wogulitsa nayenso amadyapo pa ngongole imene wakupezera. Mpaka mu Januwale 2021, pamene bungwe loyang'anira za ndalama la FCA linaletsa mchitidwewu, ogulitsa ambiri ankatha kukweza chiwongola dzanja cha kasitomala kuti gawo lawo likule. Kumufunsa kuti iye apezapo zingati si mwano.

Pali zina ziwiri zimene zimatikhudza ife alendo. Obwereketsa ambiri safuna kuti ngongole italike kuposa viza yako, ndiye ngati yatsala ndi zaka ziwiri usayembekezere zaka zisanu zobwezera. China ndi laisensi. Ya kwathu imakulola kuyendetsa kuno kwa miyezi 12 yokha kuchokera pamene unayamba kukhala kuno, ndipo Malawi sali pa mndandanda wa maiko amene amangosinthitsa laisensi, monga amachitira anzathu a ku Zimbabwe ndi South Africa. Uyenera kutenga laisensi yophunzirira, kulemba mayeso a malamulo a pamsewu, kenaka a kuyendetsa, ndipo malo a mayeso oyendetsawo amadikiritsa miyezi. Yamba lero. Kukhala ndi ngongole ya zaka zinayi pa galimoto imene sukuloledwanso kuiyendetsa wekha ndi tsoka limene ndaliona likugwera anthu athu.

Maganizo anga ndi awa: galimoto yoyamba ugule ya ndalama zako, yakale koma yamoyo, ya petulo, ya injini yaing'ono, ngati Honda Jazz kapena Toyota Yaris. Siyopatsa ulemu pa tchalitchi Lamlungu, ndikudziwa, koma imadzuka m'mawa kukuzizira. Ngati muli ndi chipereganyu ndi anzako a kuntchito, pempha kuti ulandire msanga. Chipereganyucho sichilembedwa pa mbiri yako, koma chilibenso chiwongola dzanja. Za katapila usayerekeze, ngakhale wobwereketsayo akhale Mmalawi mnzathu wolankhula mokoma. Kubwereketsa ndalama ngati bizinesi popanda chilolezo cha FCA ndi mlandu kuno, ndipo amene amayamba n'kukusungira pasipoti ngati chikole sakufunira zabwino. Ngati ndalama yaperewera pang'ono, funsa ku credit union ya m'dera lako, imene kachitidwe kake n'kofanana ndi ma SACCO a kwathu. Kumeneko amamvetsera nkhani ya munthu. Uyende ndi galimotoyo chaka chimodzi uku khadi lija likukulembera mbiri, laisensi ya kuno uli nayo m'manja, kenaka ukafuna yabwinopo udzalowe pa garaja ndi dipoziti, ndipo mtengo adzakupatse wina.

Pogula yakaleyo, lemba nambala yake pa GOV.UK uone kwaulere mbiri ya MOT, kuyesedwa kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu. Imaonetsa mailosi a chaka chilichonse ndi zimene amakanika anadandaula nazo. Ukaona mawu onena za dzimbiri pansi pa galimoto akubwerezedwa chaka ndi chaka, isiye, makamaka kwanuko kufupi ndi nyanja. Lipiranso kandalama kochepa ufufuze ngati ilibe ngongole ya mwini wake wakale, ndipo dzina ndi adiresi za pa V5C, chikalata cha kalembera wa galimoto, zigwirizane ndi munthu ndi nyumba imene wapitako. Kugula kwa wogulitsa wa bizinesi kuli ndi ubwino wakuti galimoto ikapezeka ndi vuto lalikulu m'masiku 30 oyamba ukhoza kuibweza. Ukagula kwa munthu wamba chitetezo chimenecho palibe.

Inshuwalansi uifufuze usanagule, osati utagula, chifukwa kwa munthu wa laisensi ya kunja ikhoza kudula kuposa galimoto imene. Uwauze zoona kuti uziyendera ntchito kuchoka nyumba ina kupita ina, kuti akulembere ya ntchito. Yongopitira kuntchito malo amodzi siikwanira, ndipo ngozi itachitika akhoza kukana kulipira. Kulipira pamwezi nthawi zambiri ndi ngongole inanso yokhala ndi chiwongola dzanja chake, choncho ngati ungakwanitse lipira ya chaka chonse. Abwana ako uwafunsenso kuti amabweza zingati pa mailo iliyonse.

Mchimwene wa kuntchito uja amene akuti mutsegule akaunti imodzi kuti muzithandizana lendi, mukanize mwaulemu. Akaunti ya anthu awiri imamangiriza mbiri zanu pamodzi, ndipo iye akaphonya kwinakwake obwereketsa aziyang'ananso iwe. Chimodzimodzi kusayinira munthu ngati womuimira pa ngongole: akalephera, amene amalipira ndiwe, ndipo ngongole yolephereka imakhala pa mbiri zaka 6.

Ukapeza galimoto imene yakusangalatsa unditumizire nambala yake ndi chithunzi cha pepala lililonse limene akupatse, tidzaliwerengere limodzi pa foni usanagwire cholembera. Kuno ku Glasgow mvula ndi yomwe ija, ana ali bwino ndipo akupereka moni. Mayi ukalankhula nawo undiperekere moni, uwauze kuti ufa uja unafika.

Ndine mnzako wa kalekale.