Kalata yopita ku Maputo: za msinkhu ndi Chipwitikizi

Okondedwa mayi a Tadala,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi abambo ndi ana. Kuno kulibe mdima.

Mwafunsa chifukwa chake Tadala wa zaka 5 wayamba kale kukangana ndi anzake m'Chipwitikizi, pomwe inu ndi mkulu wake wa zaka 14 lilime likukulemerani. Musadziyese mbuli. Msinkhu suwononga zonse nthawi imodzi.

Chimene chimauma msanga ndi khutu. Mu 1984, ofufuza Janet Werker ndi Richard Tees anaonetsa kuti makanda a miyezi 6 mpaka 8 amasiyanitsa maliwu a zinenero zachilendo, koma pofika miyezi 10 mpaka 12 ambiri amasiya. Ife Achewa l ndi r timazimva ngati liwu limodzi, choncho caro (chodula), carro (galimoto) ndi calo (chikakata) zimalowa m'khutu mwanu ngati mawu amodzi. Nazonso avô ndi avó, agogo aamuna ndi agogo aakazi, zimasiyana pa "o" wotseka ndi "o" wotsekula, pomwe ife tili ndi "o" mmodzi basi. Zimene khutu silikumva, pakamwa sipangazitchule. Yambani ndi kumvetsera: mphindi 10 kapena 15 tsiku lililonse, anthu osiyanasiyana azikutchulirani mawu awiriawiri oterewa, inu muzilozera limene mwamva, iwo azikuuzani pompo ngati mwaphonya. Mukazolowera mawu a munthu mmodzi yekha, mukafika kumsika khutu libalalikanso.

Pa galamala, munthu wamkulu ndiye amathamanga. Catherine Snow ndi Marian Hoefnagel-Höhle anatsatira olankhula Chingerezi amene ankaphunzira Chidatchi ku Netherlands, ndipo mu 1978 anafalitsa kuti a zaka 12 mpaka 15 ndi amene anafulumira kwambiri, a zaka 3 mpaka 5 n'kutsalira. Wamng'ono amaoneka wochenjera chifukwa timamufunsa zochepa. Amadzapambana patapita zaka, makamaka pa katchulidwe. Kafukufuku wa 2018 wa anthu pafupifupi 670,000 anapeza kuti luso lophunzira galamala limakhala lamphamvu mpaka zaka 17 kapena 18, koma wofuna kudzafanana ndi eni chinenero amayenera kuyamba asanapitirire zaka 10.

Inu muli ndi chida chimene simukuchiona. Amene amati "chipewa chachikulu" koma "nyumba yayikulu" amadziwa kale kuti dzina limalamula mawu olitsatira. Musaloweze dzina lokha, liloweni ndi o kapena a wake, timawu toima patsogolo pa dzina m'Chipwitikizi (o pa maina achimuna, a pa achikazi): o dia, o problema, a mão. Kudalira chilembo chomaliza kudzakugwetsani, chifukwa dia ndi problema akutha ndi a koma ndi achimuna.

Amene ndikumudera nkhawa ndi mnyamata wa zaka 14 uja. Wofufuza wina, Jim Cummins, anasiyanitsa chinenero chochezera, chimene mwana amachigwira m'zaka pafupifupi ziwiri, ndi cha m'kalasi, chimene chimatenga zaka 5 mpaka 7. Aphunzitsi akamumva akucheza bwino adzayesa kuti wafikapo, kenako akalephera sayansi adzati ndi ulesi. Phunziro la mawa aziliwerenga lero m'Chingerezi, alembe mawu ofunika m'zinenero zonse ziwiri, kuti m'kalasi azilimbana ndi chinenero chokha, osati ndi mfundo zomwe.

Kwa Tadala choopsa ndi china: Chichewa chingamuthawe. Mwana wa msinkhu umenewo amataya chinenero cha kwawo mofulumira monga momwe amatolera chatsopano. Amayamba kumva koma n'kuyankha m'Chipwitikizi, ndipo makolo, posangalala, amamutsatira. Pakhomo muzilankhula Chichewa, nthano zizikhalapo madzulo, ndipo agogo ake aziwaimbira foni kawiri pa sabata, iye yekha, inu osamumasulira.

Moni kwa abambo ndi ana.

Ndine mnzanu,
Nachisale