Lipoti la ku Lusaka: mmene makampani a software amalembera anthu nchito

A Tcheya, a komiti ndi mamembala nonse, ndabwerako ku msonkhano uja munandituma ndipo lipoti ndi ili. Malisiti a basi ndi a pogona ali kale kwa a Msungichuma, ofuna kuwaona akaone kumeneko, chifukwa basi isanawoloke ndi pa Luangwa pomwe pobwera ena anali atayamba kale kufunsa pa WhatsApp ati alawansi yonse ija yadyedwa bwanji. Lusaka ndi makilomita oposa 550 kuchokera kuno ku Chipata, ndipo ukatsika pa Intercity palibe amakunyamula ulere.

Mmawa unathera m'malonje ndi kuombera m'manja alendo olemekezeka. Panalinso phunziro la kavalidwe ka pa intavyu, valani zoyera, basi ndi zomwezo.

Za CV zinali zothandizako. Makampani ambiri akuluakulu CV yako imayamba yalowa mu pulogalamu yotchedwa ATS, wolemba nchito amasakamo mawu ngati Python, SQL kapena React, maina a zida zomwe olemba mapulogalamu amagwiritsa nchito, ndiye ngati iwe unangolemba kuti ndine wolimbikira nchito komanso woopa Mulungu, sakupeza olo pang'ono. Anati tsamba limodzi likwanira kwa ife oyamba kumene, nambala ya NRC ndi dzina la mfumu ya kwanu chotsani, pamwamba ikani link ya GitHub, webusaiti yomwe anthu amaikapo code ya mapulogalamu omwe alemba. Kuchoka apo njira yake nthawi zambiri imayenda chonchi: amakuimbira foni mwachidule kuti amve ngati ndiwe munthu weniweni komanso ufuna ndalama zingati, kenako mayeso a pa intaneti monga a pa HackerRank kapena ka pulojekiti kokachitira kunyumba, kenako intavyu ya code maso ndi maso kapena pa Google Meet, pomaliza kucheza ndi manijala. Zonsezi zitha kutenga masabata, ndipo ena amangokhala chete osakuyankha, musamaone ngati mwalodzedwa.

Manje chomwe ine ndinapitira ndi ichi. Masana injiniya wina amene amafunsa anthu ku kampani yake anaitana anthu awiri kutsogolo kuti awayese pamaso pa tonse. Funso linali FizzBuzz, lija lakalekale: lemba manambala kuyambira 1 mpaka 100, yogawika ndi 3 ulembe Fizz, yogawika ndi 5 ulembe Buzz, yogawika ndi zonse ziwiri ulembe FizzBuzz. Woyamba anali mnyamata wa digiri, suti yake yabwino. Anangoti zii kuyang'ana screen, kutaipa, kufufuta, kutaipanso, chala chili pa backspace, ife tonse tikumva fani ya projekita chabe. Anamaliza ndithu ndipo code inayenda. Wachiwiri anali mtsikana wophunzira yekha pa YouTube, iye asanagwire kiyibodi anafunsa kuti kodi 100 yomwe ikhalemo, ndipo ndisindikize kapena ndibweze list. Akulemba anali kulankhula, apa ndiyamba ndi 3, apa 5, kenako anayesa 15 pakamwa nkuona yekha kuti itulutsa Fizz chabe, anaseka nkukweza mzere wa 15 uja pamwamba. Injiniya uja anati pa awiriwa angapitirize ndi mtsikanayo, chifukwa wamva mmene amaganizira ndipo wagwira yekha pomwe panalakwika, pamene mnyamata uja sakudziwa ngati anangoloweza.

Apa ndipamene ndinakumbuka makalasi athu a pa Chiweru. Timakhala aliyense ndi foni yake mwakachetechete ngati tili pa maliro, wina akamaliza amangoti yayenda, osafotokoza kuti yayenda bwanji. Ndipo Chizungu chikativuta timasiya kulankhula konse. Ine ndikuti tiyambe kufotokoza code m'Chinyanja momwemo mpaka pakamwa pazolowere, Chizungu chibwera pambuyo.

Pa za ka pulojekiti kakunyumba anati samayang'ana kukongola kokha, amatsegula README, fayilo yofotokoza kayendetsedwe kake, kuona ngati munthu wina angakayendetse popanda kukuimbira foni, amaonanso ma commit, mbiri ya zomwe unali kusintha mu code, ngati unagwira pang'onopang'ono kapena unangoponya zonse kamodzi usiku wa deadline. Wina anafunsa za ChatGPT, yankho linali lakuti makampani amasiyana, funsa kaye, koma chilichonse wapereka adzakufunsa mzere ndi mzere.

Panabwera mayi wina wa za malamulo a nchito. Employment Code Act ya 2019 imati probation isapitirire miyezi 3, ndipo akaionjezera ndi miyezi ina 3 chabe. Akakuuza malipiro funsa ngati ndi gross kapena net, chifukwa NAPSA imadula 5 peresenti, NHIMA 1 peresenti, PAYE nayo ili pompo, ndiye TPIN ya ku ZRA khalani nayo kale. Anatchulanso ICTAZ, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2018 kuti ogwira nchito za ICT azilembetsa. Ndipo aliyense wokuuza kuti tumiza kaye ndalama pa mobile money kuti dzina lako lilowe pa shortlist ndi wakuba, izi muwauzenso azing'ono anu.

Phunziro la LinkedIn linali kuonetsana zithunzi.

Zomwe anagwirizana ndi ziwiri. Choyamba, magulu onse ophunzira code ngati lathuli azichita ma intavyu oyeserera pa intaneti madzulo mkati mwa sabata. Ine ndinakweza dzanja kunena kuti madzulo kwathu ku Mchini ndi ku Nabvutika malaiti sadalirika ndipo bando ya vidiyo ya ola lathunthu si ya masewera, anangoti tiona. Kunena zoona chiganizo ichi anachipangira anthu okhala pafupi ndi ma hub a ku Lusaka monga BongoHive, malo omwe a zamakompyuta amakumanako, ife a kum'mawa anatikumbukira pojambula chithunzi. Chachiwiri, gulu lililonse litumize ma CV ochepa kuti akawaunike. Ichi ndachikonda koma ndikudziwa kale mmene zimathera kuno, mudzaona maina a abale a komiti ali pamwamba. Ine ndikuti apite a anthu amene ali ndi chinthu choyenda pa GitHub, olo kakhale ka pulogalamu kolembera ngongole za pa kantemba ku Kapata.

Ndipo poti tafika apa, a Tcheya mundikhululukire, nkhani ya laputopu ya gulu sinathe. Tinasonkha tonse, koma imagona nyumba imodzi ndipo ukaifuna umauzidwa kuti ili ndi ana akuchitira homuweki. Munthu angachite bwanji mayeso a nthawi yoikika pa foni ya screen yosweka? Ya rauta ija tinavotera chaka chatha nayonso sitinamve mapeto ake, koma alawansi yanga ndiye yafunsidwa ndisanatsike basi. Komanso ndalama zomwe ena akufuna tilipirire kosi ina ya setifiketi, ine ndakana poyera, pa zonse ndinamva kuja palibe injiniya anafunsa pepala lotero.

Pempho langa ndi loti pa Chiweru likubwerali tisiye silabasi, tikhale awiriawiri, wina wofunsa wina woyankha mokweza, mphindi 30 kenako kusinthana. Mafunso ndinalemba m'kope ndipo ndibwera nawo. Laputopu ibwere ndi chaja yake, ndipo a Msungichuma abwere ndi buku la ndalama tione tonse za rauta.